Colorado inafulumira kumutaya Rantanen

A Mkonzi,

Ndiloleni ndinenepo za hockey ya pa ayezi ya mu ligi ya NHL ya ku America ndi Canada, pa nkhani imene ikundivutabe mumtima.

Mu Januwale 2025 timu ya Colorado Avalanche inapereka Mikko Rantanen wa ku Finland ku Carolina Hurricanes, n'kulandira Martin Necas ndi Jack Drury. Chifukwa chake ndikuchimvetsa. Kontirakiti ya Rantanen imatha chaka chomwecho, ndipo ikatha wosewera ngati ameneyu amangochoka, timu osapezapo kanthu. Komanso ligi imaika malire a malipiro a timu yonse, omwe nthawiyo anali madola 88 miliyoni.

Carolina nayo sinathe kumusainitsa, moti pa 7 Malichi inamutumiza ku Dallas Stars. Dallas inachenjera, inayamba yamvana naye kaye: zaka 8, madola 96 miliyoni.

Ndiye onani zimene zinachitika mu Meyi. Pamasewero achisanu ndi chiwiri, omaliza pakati pa Dallas ndi Colorado mu playoffs (ndime yochotsana polimbirana chikho), Rantanen anagoletsa zigoli zitatu m'chigawo chomaliza, n'kuitulutsa Colorado yomweyo. Ine tiyi anandizizirira m'kapu.

Ena akuti Rantanen pofika zaka 36 miyendo idzakhala italema, ndalamazo zikupitabe. N'zoona ndithu. Koma Colorado inadzamupatsa Necas zaka 8 zomwezo, pa madola 92 miliyoni. Kusiyana kwake ndi theka la miliyoni pachaka basi. Kodi munthu amene anathandiza Colorado kutenga Stanley Cup, chikho cha ligiyi, mu 2022 sakanayenera ndalama imeneyo?

Wowerenga wanu,
Denver