Tiwayeze ndi zomwe amachita akapambana ndiponso akagonja

Akonzi,

Ndiloleni ndiyankhulepo kudzera m'nyuzipepala yanu pa nkhani ya ndale za kunja, yomwe ena angaione ngati yakutali pomwe yayamba kale kutikhudza. M'zaka zapitazi mayiko a ku Ulaya ndi ku America aona kukula kwa zipani za mbali ya kumanja zomwe atsogoleri ake amakopa anthu wamba powauza kuti dziko lawo lalandidwa ndi kagulu ka anthu apamwamba mothandizana ndi obwera, ndi kuti iwo okha ndiwo akuyankhulira eni nthaka. Chandichititsa kulemba n'chakuti m'mapulogalamu a pawailesi oimbirako foni ndi m'magulu a pa WhatsApp ndikumva Amalawi ambiri akuwachemerera atsogoleriwa, ati chifukwa ndi olimba mtima, sachita manyazi kutchula Mulungu ndipo amateteza banja. Pempho langa ndi lakuti tisanawaombere m'manja tiyambe taona zomwe amachita ndi makhothi, mabungwe oyendetsa zisankho ndi atolankhani akalowa m'boma, komanso khalidwe lawo pa tsiku lomwe agonja.

Anthu omwe amavotera zipanizi si opusa, ndipo madandaulo awo si ongopeka. Chuma cha mayiko olemera chitagwedezeka mu 2008, maboma anathamangira kupulumutsa mabanki pomwe anthu wamba ankataya nyumba ndi ntchito. M'matauni ambiri mafakitale anali atatsekedwa kale, ntchito zitasamukira kumayiko komwe antchito amalandira malipiro ochepa. Kenako mu 2015 anthu oposa miliyoni imodzi, ambiri a iwo othawa nkhondo ku Syria, Afghanistan ndi Iraq, analowa ku Ulaya m'chaka chimodzi chokha. Zipani zakale zinalephera kufotokozera anthu za zinthu zimenezi mowalemekeza, ndipo nthawi zina zinkanyoza aliyense wofunsa funso kuti ndi watsankho. Munthu wonyozedwa choncho amapita kwa amene akuoneka kuti akumumvera. N'chifukwa chake ku France, komwe Jean-Marie Le Pen anapeza mavoti pafupifupi 18 pa 100 alionse m'chigawo chomaliza cha chisankho cha pulezidenti cha 2002, mwana wake Marine Le Pen anafika pa 34 mu 2017 ndi kupitirira 41 mu 2022. Ku Germany chipani cha AfD, chomwe chinangoyamba mu 2013, chinakhala chachiwiri pa chisankho cha Febuluwale 2025. Ku Italy Giorgia Meloni anakhala nduna yaikulu mu 2022, ndipo ku Netherlands chipani cha Geert Wilders chinapeza mipando yambiri kuposa china chilichonse mu 2023.

Mphamvu ya zipanizi siyambira pomwe zalowa m'boma. Ku Britain chipani cha UKIP cha Nigel Farage chinangopeza mpando umodzi m'nyumba ya malamulo mu 2015, komabe mantha oti chilanda mavoti a chipani cholamula cha Conservative ndi ena mwa zomwe zinachititsa nduna yaikulu David Cameron kulonjeza riferendamu ya 2016, pomwe anthu 52 pa 100 alionse anasankha kutuluka mu European Union. Pambuyo pake boma la chipani cha Conservative linakonza zotumiza ku Rwanda anthu ofuna malo othawirako, ngakhale khothi lalikulu la Britain linagamula mu 2023 kuti dongosololo linali losemphana ndi malamulo. Zipani zakale zikaona kuti mawu odzudzula obwera akubweretsa mavoti, nazonso zimayamba kuyankhula chimodzimodzi, ndipo zomwe dzulo zinali zochititsa manyazi kuzinena poyera zimasanduka mfundo za boma.

Kupambana chisankho si mlandu, ndipo anthu ali ndi ufulu wofuna kuti malire a dziko lawo aziyang'aniridwa. Vuto langa lili pa chiphunzitso chakuti wopambana ndiye anthu, kotero kuti aliyense womuletsa, kaya ndi woweruza milandu, mtolankhani kapena phungu wotsutsa boma, ndi mdani wa anthu. Dziko lomwe latisonyeza bwino kumene chiphunzitsochi chimathera ndi Hungary.

Mu 2010 chipani cha Fidesz cha Viktor Orbán chinapambana mwachilungamo ndi mavoti pafupifupi 53 pa 100 alionse, ndipo malinga ndi kawerengedwe ka kumeneko chinatenga magawo awiri mwa atatu a mipando ya m'nyumba ya malamulo, omwe ndi okwanira kusintha malamulo aakulu oyendetsera dziko. Chinalemba malamulo atsopano omwe anayamba kugwira ntchito pa 1 Januwale 2012. Chinatsitsa msinkhu wopumira pa ntchito wa oweruza milandu kuchoka pa zaka 70 kufika pa 62, zomwe zinachotsa oweruza oposa 200 nthawi imodzi, ndipo ngakhale khothi la European Union linadzagamula kuti zimenezi zinali zolakwika, ambiri mwa maudindo awo anali atapatsidwa kale kwa ena. Chinachepetsa mipando ya aphungu kuchoka pa 386 kufika pa 199 ndi kudula malire a madera mwatsopano, moti mu 2014, mavoti ake atatsika kufika pafupifupi 45 pa 100 alionse, chinasungabe magawo awiri mwa atatu aja. Nyuzipepala yaikulu yodzudzula boma ya Népszabadság inatsekedwa mwadzidzidzi mu 2016. Mu 2018 nyuzipepala, mawailesi ndi makanema oposa 400 anaperekedwa ku bungwe limodzi loyendetsedwa ndi anthu ogwirizana ndi boma, ndipo yunivesite ya Central European University inakakamizika kusamukira ku Vienna. Palibe msilikali amene anawombera mfuti, ndipo palibe chisankho chomwe chinalephereka. Anthu anapitiriza kuvota mu 2014, 2018 ndi 2022, koma zinali ngati masewero a mpira omwe timu imodzi yadzisankhira woyimbira, yasuntha zigoli ndi kugula wailesi youlutsa masewerowo. Mu Sepitembala 2022 nyumba ya malamulo ya European Union inanena poyera kuti Hungary sinalinso dziko la demokalase yeniyeni.

Zomwe zimachitika atsogoleri oterewa akagonja n'zoopsa koposa, ndipo pano ndikufuna kuyankha anzanga amene amati zomwe Donald Trump anachita mu 2020 n'chimodzimodzi ndi zomwe Amalawi tinachita pokana zotsatira za chisankho cha Meyi 2019. Kwathu kuno odandaula anapita ku khothi ndi umboni. Oweruza asanu anaona mapepala a zotsatira ofufutidwa ndi tipeksi, anamva mboni za mbali zonse kwa miyezi ingapo, ndipo pa 3 Febuluwale 2020 anathetsa chisankhocho. Khothi la apilo linavomereza chigamulocho, ndipo tinavotanso pa 23 Juni. Ku America nakonso odandaula anapita ku makhothi, milandu yoposa 60, koma analephera pafupifupi yonse, ina pamaso pa oweruza omwe Trump yemweyo anawasankha, chifukwa umboni wakuti mavoti anaberedwa sunaoneke. Joe Biden anapambana ndi mavoti oposa 7 miliyoni. M'chigawo cha Georgia mavoti anawerengedwanso ndi manja, zotsatira sizinasinthe, komabe pa 2 Januwale 2021 Trump anaimbira foni mkulu woyang'anira zisankho kumeneko, Brad Raffensperger, kumupempha kuti amupezere mavoti 11,780. Patapita masiku anayi, pa 6 Januwale, omutsatira anathyola nyumba ya malamulo ku Washington kuti alepheretse kutsimikiza zotsatira. Atabwerera m'boma mu Januwale 2025, anakhululukira anthu pafupifupi 1,500 omwe ankazengedwa kapena anali atapezeka olakwa pa chipolowecho. Kudandaula kuti chisankho chaberedwa ndi ufulu wa aliyense, koma kusiyana kuli pa kubweretsa umboni ndi kumvera khothi likagamula.

Ku Brazil Jair Bolsonaro anatsata mapazi omwewo. Chisankho cha 2022 chisanachitike n'komwe, anayamba kufesa chikayiko pa makina ovotera omwe dzikolo lakhala likugwiritsa ntchito kuyambira 1996, makina omwewo amene anamulowetsa iye m'boma mu 2018. Atagonja kwa Lula da Silva, omutsatira anaswa nyumba ya malamulo, khothi lalikulu ndi nyumba ya boma ku Brasília pa 8 Januwale 2023. Kumeneko makhothi sanagwedezeke: analetsa Bolsonaro kuimanso pa chisankho mpaka 2030, ndipo mu Sepitembala 2025 anamugamula kukhala m'ndende zaka zoposa 27 pa mlandu wokonza chiwembu cholanda boma.

Kwa amene akuti zonsezi ndi za eni ake, ndikuti tayang'anani zomwe zatigwera. Pa tsiku lomwe Trump analumbiritsidwa, pa 20 Januwale 2025, analamula kuti thandizo lopita kumayiko akunja liyambe laima kwa masiku 90, ndipo pakati pa chaka chomwecho bungwe la USAID linali litatsekedwa. Mabungwe ambiri a zaumoyo kuno anachotsa antchito, ndipo anthu omwe amamwa ma ARV anakhala ndi nkhawa yosadziwa za mawa. N'zoona kuti boma lathu linayenera kuyamba kale kudzidalira pa umoyo wa nzika zake, ndipo kudalira thandizo kwa zaka zonsezi ndi manyazi athu. Koma kudula thandizo la mankhwala mwadzidzidzi, osapereka nthawi yokonzekera, kumapweteka wodwala wa kumudzi, osati nduna. Mu Ogasiti chaka chomwecho Malawi ndi Zambia anakhala mayiko oyamba kuuzidwa kuti nzika zawo zofuna viza yokacheza kapena kukachita malonda ku America zizipereka chikole cha ndalama zofika madola 15,000. Pamene atsogoleriwa akunena za obwera osafunika, amanenanso za mwana wathu amene akusamalira okalamba ku Britain kapena kuphunzira ku America.

Ndiponso sitiyenera kuwoloka nyanja kuti tione zipatso za mawu oloza chala obwera. Ku South Africa, ngakhale ndale zake sizigawika mofanana ndi za ku Ulaya, njira yokopera mavoti ndi yomweyo. Mu Meyi 2008 anthu 62 anaphedwa pa ziwawa zolimbana ndi obwera, ndipo mu Epulo 2015 boma lathu linachita kutumiza mabasi kukatenga Amalawi othawa ziwawa za ku Durban. Gulu la Operation Dudula, lomwe linayambira ku Soweto, lafika poima pa zipata za zipatala kutsekereza obwera kuti asalandire chithandizo. Ulova wa achinyamata ku South Africa ndi weniweni ndipo ndi waukulu, koma sunabwere ndi Mmalawi wosamalira maluwa pa nyumba ya munthu ku Johannesburg. N'chapafupi kwa wandale kuloza mlendo kusiyana ndi kufotokoza komwe kunapita ndalama za magetsi ndi za njanji.

Pa nkhani ya chipembedzo ndiyankhule mosapita m'mbali, poti ndi pomwe ambiri a ife takodwa. Munthu akhoza kugwirizana ndi mtsogoleri pa nkhani ya banja kapena ya kuchotsa pakati, ndipo ndi ufulu wake kutero. Koma kugwirizana naye pa mfundo imodzi sikuyenera kutitseka maso pamene akuchotsa oweruza, akutseka nyuzipepala kapena akukana kugonja. Orbán ankati akuteteza Chikhristu cha ku Ulaya pamene ankamanga mpanda wa waya pa malire ndi Serbia mu 2015, ndipo kuseri kwa mpandawo kunali amayi ndi ana othawa mabomba. Malemba omwe timawerenga m'matchalitchi mwathu amalamula kukonda mlendo, ndipo ine zimandivuta kumvetsa kuti lamulo limenelo lingasiyidwe bwanji ndi anthu omwe akudzitcha oteteza chikhulupiriro.

Ena amati palibe chodetsa nkhawa, poti anthu akatopa nawo adzawachotsa ndi voti. Zimatheka ndithu, ndipo Poland ndi umboni. Chipani cha Law and Justice chinalamula kuyambira 2015, chinadzaza khothi loona za malamulo oyendetsera dziko ndi anthu ake, chinasintha kasankhidwe ka oweruza ndi kusandutsa kanema wa boma kukhala pakamwa pa chipani. Mu Okutobala 2023 anthu pafupifupi 74 pa 100 alionse olembetsa anatuluka kukavota, ambiri mwa iwo achinyamata ndi amayi, ndipo mgwirizano wa zipani wotsogozedwa ndi Donald Tusk unatenga boma. Koma boma latsopanolo linapeza kuti oweruza ochuluka osankhidwa mwa njira yokayikitsa ija akadali pa mipando yawo, ndipo kuwachotsa popanda kuphwanya malamulo kukufuna malamulo atsopano omwe pulezidenti wa dziko ali ndi mphamvu yowakana. Mu Juni 2025 mpando wa pulezidentiwo unapita kwa Karol Nawrocki, yemwe ankathandizidwa ndi chipani chomwe chija cha Law and Justice, ndipo ntchito yokonza makhothi inakhala yovuta kuposa kale.

Ine wowerenga wanu,
Zomba