Botolo la vinyo wa ku France landiganizitsa za tiyi wathu

Akonzi,

Ndiloleni ndiyankhulepo pang'ono. Mwezi watha mlamu wanga yemwe amagwira ntchito pa hotela ku Johannesburg anabwera ndi botolo la vinyo wofiira wa ku France, wa dera lotchedwa Beaujolais kumpoto kwa mzinda wa Lyon, ndiye tinakhala pakhonde nkumalawa ngati mabwana. Ine ndimayesa akhala wowawa ngati wa m'katoni uja koma ayi ndithu, wopepuka bwinobwino, kafungo ka zipatso, ukakweza tambula kudzuwa kuwala kumadutsa. Alamu anachita kukakamira kuti botololo tiliviike kaye mu ndowa ya madzi ozizira, akuti ndi mmene amamwera eni ake.

Koma chandilembetsa kalatayi ndi kapepala komata pabotolopo. Panali dzina la banja lomwe linalima mphesazo, dzina la mudzi wawo Fleurie, ndi chaka chomwe anakolola. Munda wa banja limodzi, agogo kusiyira mwana, mwana kusiyira mdzukulu, mphesa zake za mtundu wa Gamay amathyola ndi manja ngati mmene timathyolera tiyi ife kuno. Ndipo kuyambira 1935 dziko la France lili ndi malamulo oteteza maina a madera, vinyo wolembedwa Fleurie akuyenera kuchokera ku Fleurie komweko basi, wina akangoba dzinalo wapalamula.

Nanga ife? Tiyi anayamba kulimidwa ku Mulanje cha m'ma 1890, zaka zoposa 100 zapitazo, ine ndili ndi kamunda kanga komwe anandisiyira bambo anga, ndimalawirira m'mamawa chiperoni chikuwaza, dengu kumsana, kuthyola masamba awiri ndi kansonga mpaka zala kuchita dzanzi, koma masamba aja akangochoka pa sikelo dzina langa lathera pomwepo. Akapita ku fakitale, kenako ku okushoni ku Limbe, akafika kunja amasakaniza ndi wa ku Kenya, munthu ku London nkumamwa osadziwa nkomwe kuti kuli malo otchedwa Thyolo. Zimandiwawa zimenezi, sindinama.

Sikuti nzosatheka ayi. A Satemwa, eni esiteti ya tiyi konkuno ku Thyolo, omwenso ndi banja ndipo anayamba 1923, amagulitsa tiyi wina ndi dzina lawo mpaka kunja. Ndiye a unduna wa zamalonda ndi a Tea Association of Malawi, bwanji osatithandiza ife alimi ang'onoang'ono kuti dzina la Thyolo ndi Mulanje litetezedwe mwalamulo, makalabu athu azilemba mudzi wawo pa paketi? Ngakhale nanazi, mu Blantyre venda aliyense amangokuwa kuti za ku Mulanje izi, ndani amatsimikiza?

Botolo lija mayi a kunyumba athiramo mafuta ophikira, koma kapepala kaja ndawaletsa kumatula.

Mlimi wa tiyi,
Thyolo