Kalata kwa Wapampando wa MEC: za kalembera tikambirane pano, osadikira 2030

Olemekezeka a Justice Annabel Mtalimanja,

Ndikulemba ndili kwathu ku Mitundu, m'boma la Lilongwe. Chisankho cha pa 16 September 2025 chidadutsa ndipo mitima idazizira, ndiye ndati ino ndi nthawi yabwino yokamba za kalembera, andale asanayambenso kulozana zala.

Lamulo la zisankho la 2023 limati munthu akamalembetsa aonetse umboni woti ali m'kaundula wa unzika wa NRB, basi. Kale pasipoti, laisensi kapena kalata ya amfumu zinkathandiza. Chifukwa chake ndikuchimvetsa: anthu ankadandaula kuti makalata a mafumu amalowetsa ana ndi alendo. Ine sindikupempha kuti tibwerere kumeneko. Koma gawo 77 la malamulo aakulu a dziko lino limapereka voti kwa nzika yokwana zaka 18, ndiye ngati chiphaso cha unzika ndicho kiyi yekhayo, kiyiyo ayenera kumupeza munthu kumene ali.

Mdzukulu wanga amapalasa kabaza pamsika wa Mitundu. Njingayo ndi ya eni ake, ndipo madzulo aliwonse amafuna yawo, kaya kwagwa mvula kaya tayala laphulika. Kuti mnyamatayu akajambulitse chiphaso, ataye tsiku lonse, alipire minibasi, akaime pamzere, mwinanso abwerere kawiri. Amangoti "ndipita sabata yamawa, agogo", mpaka kalembera adafika iye alibe kanthu m'manja. Waulesi? Ayi ndithu, amadzuka ine ndikadali m'bulangete.

Tisaiwale kuti zidatengera Khothi Lalikulu, mu October 2024, kulamula kuti olemba unzika azipezeka pamalo pomwe pakuchitikira kalembera, ndipo kenako padachitika kalembera wapadera kumayambiriro a 2025. Zidathandiza, koma chinthu chofunika chotere sichiyenera kudikira kuti wina akasume. Olembetsa adali pafupifupi 7.2 miliyoni pomwe oyenera kuvota ankayembekezeka kuposa 10 miliyoni. Ena adangogwa ulesi ndi ndale, inde, koma si onsewo.

Nyengonso idatipweteka. October mpaka December, pamene kalembera ankachitika, ndi nthawi yogalauza, yosaka feteleza ndi yodzala. Mlimi wa ku Malingunde kapena ku Nsaru sangasiye khasu mvula yoyamba itagwa kuti akakhale pamzere. Bwanji osalemba anthu mu June, July ndi August, chimanga chili m'nkhokwe ndipo misewu ili youma?

Ndikudziwa kuti malamulo amapangidwa ku Nyumba ya Malamulo, osati mu ofesi mwanu, koma aphungu amamvera mukalankhula. Apempheni alembe m'lamulo kuti paliponse pamene pali kalembera wa mavoti pazikhalanso wolemba unzika kuyambira tsiku loyamba. Ndipo chaka chilichonse magulu olemba unzika aziyendera sukulu za sekondale ndi masiku amsika, popeza chiphaso munthu amatenga akakwana zaka 16. Mwana yemwe anali ndi zaka 13 kapena 14 pa chisankho cha 2025 ndiye adzavote koyamba mu 2030, ndipo ambiri mwa iwo ali kuno kumudzi.

Ine wanu,
Mphunzitsi wopuma ntchito, Mitundu