Kalata kwa makolo pa kutha kwa teremu yoyamba

Okondedwa makolo ndi onse olera ana athu,

Landirani moni kuchokera kwa aphunzitsi onse. Teremu yatha, malipoti tawapatsa ana kuti akupatsireni. Chonde muwaone bwino, musayine, ndipo abwere nawo tsiku lotsegulira lomwe lalembedwa pamenepo.

Pali nkhani imodzi imene yandikhala pamtima teremu ino. Mwana wa Sitandade 5 akatumidwa ku ofesi kwanga amagogoda, amagwada, amalandira ndi manja awiri. Koma poyankhula Chingerezi amangoti "Give me chalk." Mwanayo si wamwano. Pa Chichewa akanati "Mundipatseko choko," ulemu wonse uli m'kati mwa mawu omwewo. Chingerezi sichitero. "You" ndi yemweyo, kaya ukuyankhula ndi mnzako wosewera naye kaya ndi agogo, ndiye ulemu umafuna mawu akeake. Akasowa, mwana wolereka bwino amamveka ngati akulamula.

N'chifukwa chake kuyambira Sitandade 3 takhala tikuwazoloweza kunena "please" ndi "may I" popempha, "pardon" akapanda kumva m'malo mokuwa kuti "what?", ndi "sorry" akalakwa. Pamene pavuta kwambiri ndi pa zikomo wathu. Ife timati zikomo pothokoza, podutsa pakati pa akuluakulu, ngakhale pofuna kuyankhulapo. Ana amamasulira zonsezi kuti "thank you," chonsecho podutsa ndi podula mawu pamafunika "excuse me." Ambiri agwira tsopano, ndipo ndikuthokoza aphunzitsi a makalasi ang'onoang'ono, amene amabwereza zimenezi m'mawa uliwonse osatopa.

A Sitandade 8 alemba mayeso a MANEB chaka chino cha maphunziro, ndipo tawaphunzitsa kuti kalata yoyamba ndi "Dear Sir" imatha ndi "Yours faithfully." Zidzawathandiza mpaka ku Fomu 4, kumene satifiketi ya MSCE saipeza munthu amene walephera Chingerezi, komanso podzapempha ntchito.

Ndikudziwa kuti ena mwa inu mudzati, "Ife Chingerezicho sitichidziwa." Musade nkhawa. Muuzeni mwana akuphunzitseni mawu amenewa madzulo mukatha kudya. Pophunzitsa inu iyenso akuloweza. Chomwe ndikupempha ndi mtima wonse n'chakuti odi, moni ndi kugwada zisathe pakhomo. Ndimamva chisoni ndikaona mwana akupatsa moni munthu wamkulu ndi "hi" ali chiimire, manja m'thumba, n'kumaganiza kuti kuphunzira n'kumeneko. Zimenezo sitiphunzitsa kuno, ndipo mukaziona mumudzudzule.

Tchuthi chino ndi cha Khirisimasi ndiponso nthawi yamvula. Ana akuthandizeni kumunda, koma muwapatse mpata wowerenga tsiku lililonse, ndipo musawalole kuwoloka mitsinje yodzadza ali okha. Amene muli ndi funso pa lipoti la mwana wanu mudzandipeza ku ofesi sabata yoyamba tikatsegulira.

Ine wanu,
Mphunzitsi wamkulu