Tikuthokoza amisiri a matilu athu

Harare

Kwa Akuluakulu a kampani yotigulitsa ndi kutikonzera matilu,

Abwana,

Ife alembi a ndalama m'magolosale a ku Mbare, Highfield ndi Mufakose tati tisangokhala duu, tikuthokozeni chifukwa cha ntchito imene amisiri anu agwira pa matilu athu. Masiku ano malonda a tsiku lonse akumatuluka mu tilu n'kulowa mu kompyuta popanda kukopera pamanja, ndipo zimene tikuwonkhetsa mu Excel zikumagwirizana ndi lipoti la Z, lomwe tilu imatulutsa potseka tsiku, mpaka pa senti. Munthu amene amadzaza VAT7, fomu ya msonkho wa VAT, kuti ifike pa nthawi yake ku ZIMRA, bungwe lotolera misonkho, ndiye angamvetse kupepuka kwake.

Ndondomeko yotsekera imene anatisiyira tinaimata pambali pa tilu iliyonse. Kashiya ayambe watulutsa lipoti la X, lomwe limangoonetsa malonda osafufuta kanthu, awerenge ndalama za m'dirowa, atumize fayilo mu fulashi, kenako ndiye amenye Z. Z imabwezera ziwerengero za tsikulo pa ziro, choncho wothamangira Z amatsala ndi kapepala kokha m'manja. Fulashi ikhale yosapitirira 32GB, yofomatidwa mu mtundu wa FAT32. Zazikulu za 64GB zimabwera zili mu mtundu wina wa exFAT ndipo matilu athuwa saziona n'komwe. Isazulidwenso tilu isanalembe kuti yamaliza, apo ayi fayilo imaduka, malonda a madzulo osaonekamo.

Pamene tapindula kwambiri ndi pa kutsegula fayilo ya CSV, ya malonda imene tilu imatumiza mu fulashi. Ambiri amangoidina kawiri, Excel n'kuyamba kudziganizira yokha. Barcode ya manambala 13, monga ya katundu wa ku South Africa yoyamba ndi 600, imasanduka 6.00123E+12, ndipo ukasunganso fayiloyo ili choncho manambala a kumapeto apita, sabwereranso. Nambala ya PLU, yoimira katundu mu tilu, ngati 00451 imataya maziro n'kukhala 451, osagwirizananso ndi buku la sitoko. Madeti ndiye amapusitsa koopsa. Kompyuta ikakhala kuti inatcheredwa za United States, 05/03 imaiwerenga ngati 3 Meyi pamene tilu ikunena 5 Malichi, koma 25/03 imaisiya ngati mawu wamba poti kulibe mwezi wa 25. Mapeto ake malonda a masiku 12 oyamba amamwazikira m'miyezi ina, otsalawo osalowa m'lipoti la mwezi. Mankhwala ake ndi kutsegula Excel kaye, kupita pa Data, kusankha From Text/CSV, kuika kolamu ya barcode ndi ya PLU pa Text, ndi kuuza kolamu ya deti kuti tsiku ndilo likuyamba. Fayilo yochokera mu tilu isakhudzidwe, ntchito izichitikira pa kope lake. Zonse zikaunjikana mu kolamu imodzi, ndiye kuti kompyuta ikuyembekezera semicolon pamene tilu inalekanitsa ndi makoma, ndipo pokonzera pake ndi pa From Text/CSV pomwepo.

Tikuthokozanso mwapadera chifukwa cha kolamu ya mtundu wa ndalama imene munawonjezera. Kuno sitolo imodzi imalandira madola a America ndi ZiG, ndalama ya Zimbabwe yomwe inayamba mu Epulo 2024, ndipo wina amalipira kashi, wina swaipi, wina EcoCash. Fayilo yakale inkathira zonsezi mu kolamu imodzi, moti kuwonkhetsa kunali ngati kuphatikiza mbuzi ndi nkhuku n'kunena kuti uli ndi ziweto 40. Pano mzere uliwonse ukuonetsa USD kapena ZWG (ndiyo ZiG), njira yolipirira, ndi reti yosinthira ndalama imene inali mu tilu pa nthawi yogulitsayo. Reti imeneyi ndi yofunika, chifukwa ukatenga ya lero n'kuwerengera malonda a sabata yatha, mabuku sangakumane.

Pa nkhani ya msonkho amisiriwo anakonza zinthu ziwiri. Mitengo ya pa shelefu imakhala ndi VAT kale, ndiye pa mlingo wa 15 peresenti umene unalipo pa nthawiyo (unalowa m'malo mwa 14.5 mu Januwale 2023), katundu wa $115 msonkho wake unali $15, kutanthauza mtengo kuchulukitsa ndi 15 n'kugawa ndi 115. Wochulukitsa 115 ndi 15 peresenti amapeza $17.25 n'kudzilipiritsa yekha. Anatifotokozeranso za timasenti tosiyana timene timasowetsa anthu tulo. Pa 15 peresenti, chinthu cha 99 senti tilu imachiwerengera msonkho wa 13 senti, ukagulitsa 100 pa malisiti osiyana yakwana $13.00, koma ukawerengera pa $99 yonse upeza $12.91. Palibe waba pamenepo, ndipo choyenera kutsatira ndi cha tilu poti ndicho chili pa malisiti a makasitomala. Katundu wopanda VAT, monga ufa, tsopano ali ndi chizindikiro chake, ndipo zobwezedwa ndi zofufutidwa zikutuluka ndi minus, osati kuwerengedwa ngati malonda.

Timabatire ta wotchi ya mkati timene munasintha ndi tating'ono, koma tikatha mphamvu, magetsi akangozima tilu imadzuka ndi deti yolakwika, malonda a tsikulo n'kukagwera chaka china. Ndi mmene magetsi amavutira muno, linali dzenje lalikulu.

Pempho lathu ndi limodzi. Lamulo limafuna kuti mabuku a bizinesi asungidwe zaka 6, koma mapepala a matilu amafufutika okha, makamaka akakhala potentha kapena padzuwa. Mafayilowa tikuwasunga pawiri, pa kompyuta ndi pa hard drive ina, dzina likuyamba ndi chaka, mwezi, tsiku ndi nambala ya tilu kuti azindandalikana okha. Chimene chikusowa mkati mwa fayilo ndi nambala ya Z ya tsikulo. Mukadzasintha pulogalamu ya matiluwa muiikemo, kuti pakasowa tsiku tizidziwa pompo poona nambala yodumphidwa.

Mutiperekere moni ndi kuthokoza kwathu kwa amisiri onse amene anayenda m'masitolo mwathu.

Ndife anu,
Alembi a ndalama a m'magolosale a ku Mbare, Highfield ndi Mufakose