Mphamvu zoyendetsera sukulu zibwere ndi ndalama zake

Akonzi,

Ndiloleni ndiyankhulepo pa nkhani ya mphamvu ku anthu, makamaka mmene ikukhudzira sukulu za pulayimale m'midzi mwathu.

Boma lidakhazikitsa ndondomeko yopereka mphamvu ku makhonsolo mu 1998, chaka chomwenso lamulo la maboma aang'ono lidavomerezedwa. Apa n'kuti patangodutsa zaka zinayi chiyambireni maphunziro aulere a pulayimale mu 1994, pomwe ana oposa miliyoni imodzi adakhamukira kusukulu nthawi imodzi, ndipo zidaonekeratu kuti munthu wokhala mu ofesi ku Capital Hill sangadziwe sukulu yomwe ilibe zimbudzi ku Nsanje kapena ku Chitipa. Ganizo limeneli ndimagwirizana nalo ndi mtima wonse, ngakhale lidafooketsedwa pomwe dziko lino lidakhala lopanda makhansala kuyambira 2005 mpaka 2014. Dandaulo langa ndi lakuti makhonsolo adapatsidwa udindo, koma thumba lidatsala ku Lilongwe.

Ndidakhalapo membala wa komiti ya sukulu kwathu. Chaka china mu Januwale mphepo idasasula denga la buloko ya Sitandade 3 ndi 4, malata n'kukagwera m'munda wa chimanga wa aphunzitsi aakulu. Tidauza mlangizi wa zoni yathu, iye n'kukatula nkhaniyo kuboma, koma yankho lidali lakuti ndalama sizidabwere. Thandizo la SIG, ndalama za boma zotukulira sukulu, lidafika teremu itatsala pang'ono kutha, ndipo titagula choko, marejisitala ndi matumba ochepa a simenti, palibe chidatsala. Makolo adaumba njerwa, amayi adatuta mchenga kumtsinje pamutu, koma malata ndi misomali sitikadazitola kudambo. Ana aja adaphunzirira pansi pa mtengo wa mango dzinja lonse, ndipo mitambo ikangoda aphunzitsi ankawaweretsa nthawi isanakwane.

Sindikunena kuti zonse zichoke kulikulu. Silabasi ipitirire kukonzedwa ndi a Malawi Institute of Education ku Domasi ndipo mayeso akhalebe m'manja mwa MANEB, kuti mwana wa ku Mchinji ndi wa ku Blantyre aziyesedwa ndi muyeso umodzi. Koma kukonza mabuloko, kumanga nyumba za aphunzitsi ndi kugawa aphunzitsi m'sukulu ndi ntchito za khonsolo, ndipo khonsoloyo iyenera kuzigwira popanda andale kulowererapo. N'zomvetsa chisoni kuti sukulu za pafupi ndi tauni zimadzaza aphunzitsi pomwe kumudzi mphunzitsi mmodzi amalimbana ndi ana oposa 100 m'kalasi, chifukwa aliyense wotumizidwa kutali amapeza wamkulu wina womulankhulira kuti asapite.

Ena amati makhonsolo amasakaza chuma, choncho asapatsidwe zambiri. Nkhawayi ndi yomveka, koma mankhwala ake ndi kulondoloza, osati kumana ana. Ndikupempha Unduna wa Zachuma ndi komiti ya National Local Government Finance Committee kuti ndalama za maphunziro zizifika m'makhonsolo teremu isanayambe, ndipo khonsolo iliyonse izimata pabolodi la sukulu chikalata chosonyeza ndalama zomwe sukuluyo yalandira ndi tsiku lomwe zalowa, m'Chichewa kapena m'chiyankhulo cha deralo, kuti mafumu, makolo ndi magulu a amayi azitha kufunsa khansala wawo ali ndi pepala m'manja.

Kholo lokhudzidwa,
Chigawo chapakati