Gulu lathu la mainjiniya a zamagetsi lisiye kukumana m'hotelo mokha, likapeze amisiri kumene ali

A Mkonzi,

Ndiloleni ndiyankhule kudzera m'nyuzipepala yanu ndi anzanga a m'gulu la mainjiniya a zamagetsi amene timakumana kuno ku Mulanje pamodzi ndi anzathu ochokera ku Thyolo. Ndine membala wa gululi kuyambira pamene linkayamba, ndipo ndisanapume pa ntchito ndinakhala zaka zambiri ndikuyang'anira magetsi m'fakitale ya tiyi. Nkhani imene ndikulembayi, yoti gulu lathu liziphunzitsa amisiri amene akuika magetsi m'midzi, ndinaitchula kale pa msonkhano wathu wapitawu, koma inaikidwa kumapeto, pa zina ndi zina, nthawi imene ambiri anali atayamba kusuzumira kumene ankayala mbale za nkhomaliro. Mlembi anangolemba mzere umodzi m'maminitsi kuti idzakambidwa m'tsogolo. Popeza ndikudziwa kumene nkhani zodzakambidwa m'tsogolo zimathera, ndaona kuti ndi bwino ndiitulutse poyera, chifukwa ikukhudzanso anthu amene si mamembala.

Pa msonkhano umenewo tinathera m'mawa wonse pa ndalama za umembala zimene ena sanalipire, pa chisankho cha komiti, ndiponso pa mtengo wa holo ya phwando la kumapeto kwa chaka. Sindikunyoza zinthu zimenezi, pakuti gulu lopanda ndalama ndi lopanda atsogoleri silingayende, ndipo msungichuma wathu amagwira ntchito yotopetsa popanda malipiro. Tinakumbutsananso, monga kuyenera, kuti injiniya aliyense azikhala wolembetsedwa ku bungwe la Malawi Engineering Institution, ndi kuti wogwira ntchito yoika magetsi azikhala ndi chilolezo chochokera ku bungwe la MERA, loyang'anira nkhani za magetsi ndi mafuta m'dziko muno. Chimene chinandidetsa nkhawa n'chakuti m'holo monsemo munalibe munthu ngakhale mmodzi mwa anthu amene akuika magetsi m'nyumba za kumidzi masiku ano. Amene akukwera pamadenga ku Chisitu, ku Limbuli, ku Luchenza ndi ku Thekerani ndi anyamata amene anaphunzira ntchitoyi poonera kwa anzawo, ena anadutsako pa sukulu ya ntchito zamanja, ena ayi, ndipo ife timangowatchula pamene tikudandaula kuti akuwononga mbiri ya ntchito yathu.

Mwezi wathawu mlamu wanga anandiitana kuti ndikaone sola ya kunyumba kwake, chifukwa nyale zinkazima usiku usanafike pakati ndipo m'chipinda munkamveka fungo la pulasitiki wopserera. Nditafika ndinapeza panelo ili padenga koma yoyang'ana kumwera, kumbali imene kunali kosavuta kuimikako makwerero. Batire inali ya galimoto, yoikidwa pansi pa bedi limene amagonapo ana. Waya wochokera pa batireyo kupita ku inveta, chipangizo chosintha moto wa batire kukhala ngati wa ESCOM, anali wowonda ngati wa wayilesi, ndipo pamene anamulumikiza ndi waya wina anangopota ndi zala n'kukulunga ndi jumbo ya shuga. Jumboyo inali itasungunuka n'kumatirira pa mwendo wa bedi, ndipo thabwalo linali litada. Fyuzi panalibe paliponse. Kachipangizo koletsa batire kudzaza mopyola muyezo kanalipo, koma mnyamata amene anaika solayo anakadumpha chifukwa, malinga ndi mlamu wanga, anati kakuchedwetsa moto.

Ndinapempha kuti mnyamatayo aitanidwe, ndipo anabwera pa njinga ali ndi mantha, akuganiza kuti ndikufuna kumutengera kupolisi. Tinakhala pakhonde ndipo ndinamulembera masamu pa chikuto cha kope la mwana wasukulu. Ndinamuonetsa kuti chipangizo chofuna mawati 120 chimakoka pafupifupi theka la ampu imodzi chikalumikizidwa ku magetsi a mavoti 230 amene timagwiritsa ntchito m'dziko muno, koma chimakoka maampu 10 chikamatenga moto ku batire ya mavoti 12. Ndicho chifukwa chake waya amene amakwanira pa nyale ya m'nyumba ya m'tauni amatentha akaikidwa pa batire. Ndinamufotokozera kuti batire ya galimoto inapangidwira kupereka moto wambiri kwa kanthawi kochepa poliza injini, ndipo ikamakhuthulidwa usiku uliwonse imafa msanga; kuti batire ya madzi imatulutsa mpweya woyaka ikamadzaza, motero siyenera kukhala m'chipinda chotseka mogona anthu; ndiponso kuti popeza ife tili kumwera kwa mzere wa pakati pa dziko lapansi, panelo iziyang'ana kumpoto, yopendekeka pang'ono kuti mvula izitsuka fumbi. Mnyamatayo anamvetsa zonsezi nthawi ya nkhomaliro isanakwane, ndipo anafunsa mafunso anzeru kuposa ena amene ndinawamvapo m'misonkhano yathu. Ponyamuka anandifunsa kuti, "Madala, zimenezi zimaphunzitsidwa kuti?" Ndinasowa chomuyankha, chifukwa gulu lathu, limene likanayenera kukhala yankho lake, silikudziwa n'komwe kuti iye alipo.

Pali chinthu china chimene ogulitsa sola ochokera kutali sachitchula, koma aliyense wokulira kuno amachidziwa, ndicho chiperoni. M'miyezi yozizira mitambo ndi mvula yowaza zimatha kuphimba Mulanje ndi Thyolo kwa masiku angapo osaona dzuwa. Sola imene ingakwanire nyumba ya ku Salima kapena ku Chikwawa imaperewera kuno ngati woika sanawerengere masiku amenewa posankha kukula kwa panelo ndi batire. Munthu akagula sola mu Okutobala dzuwa likuswa mtengo, amasangalala. Ikafika Juni amayamba kunena kuti anamugulitsa yachinyengo, pamene nthawi zina katunduyo ndi wabwino ndipo cholakwika ndi masamu okha. Nzeru yotere ndi imene gulu la m'dera lingapereke kuposa likulu lililonse la ku Lilongwe kapena ku Blantyre, ndipo ndikadakonda tikanalemba kapepala kamodzi m'Chichewa kofotokoza zimenezi n'kukagawa m'mashopu ogulitsa mapanelo.

Ena mwa anzanga anandiyankha panja pa holo kuti kuitana amisiri opanda mapepala n'kutsitsa ulemu wa ntchito imene ife tinaivutikira zaka zambiri ku koleji, ndipo wina anawonjeza kuti tikawaphunzitsa adzatilanda makasitomala. Ndikumvetsa kumene mawuwa akuchokera, pakuti inenso sukulu sindinaitole pansi. Koma tiyeni tinene zoona: ndani mwa ife amene angavomere kukwera njinga yamoto mpaka kuseri kwa phiri kukaika nyale zinayi ndi malo otchajira foni, pa ndalama imene mlimi wa nanazi kapena wothyola tiyi angakwanitse? Ntchito imeneyo sitinaigwirepo, choncho palibe amene akutilanda. Idzagwiridwabe ndi anyamatawa, kaya tiwaphunzitse kaya tisawaphunzitse, ndipo nyumba ikapsa anthu a m'mudzi sasiyanitsa kuti woika anali injiniya kapena ayi; amangoti a magetsi atentha nyumba. Sindikunena kuti tiwapatse dzina la uinjiniya kapena kuti tipeputse lamulo. Ndikunena kuti gulu litsegule kaundula wa amisiri a m'maboma awiriwa, liwapatse umembala wa mtundu wawo pa ndalama yochepa, liwaphunzitse, kenako liwathandize kudzaza mafomu ndi kukonzekera mayeso kuti apeze chilolezo chovomerezeka. Ambiri sapita kukalembetsa chifukwa sadziwa khomo lolowera, ndiponso amaopa ofesi.

Chimandipweteka kwambiri n'chakuti dera lathu si losauka pa nkhani ya magetsi. Mitsinje yotsika m'phiri la Mulanje yakhala ikuzunguza makina m'minda ya tiyi kwa zaka zambiri. Pa mtsinje wa Lichenya, anthu a kwa Bondo ali ndi magetsi a madzi amene amayendetsedwa ndi bungwe la MEGA, ndipo amafika m'nyumba, m'masukulu ndi pachipatala. Pa mitsinje ya Ruo ndi Ndiza pali siteshoni ya mamegawati oposa 8 imene imagulitsa magetsi ake ku ESCOM, ndipo pa Muloza palinso ina yocheperako. Ku Thyolo, pa Ndata, kuli yunivesite ya MUST imene inatsegulidwa m'chaka cha 2014 ndipo imaphunzitsa achinyamata za uinjiniya. Malo onsewa ali pafupi moti munthu angapite m'mawa n'kubwerako madzulo, komabe gulu lathu silinakonzepo ulendo woti ophunzira, amisiri ndi ife okalamba tikaimirire limodzi pamene madzi amalowera mu paipi n'kuona mmene ntchitoyo imayendera.

Ndikutchula malo olowera madziwo mwadala, chifukwa m'pamene magetsi a madzi amapulumukira kapena kufera. Mphamvu imene makina amatulutsa imadalira zinthu ziwiri: kuchuluka kwa madzi ndi kutalika kwa pamene akugwera. Malita 100 pa sekondi iliyonse, akatsika mamita 50, angapereke makilowati pafupifupi 30 tikachotsa zotayika m'paipi ndi m'makina, ndipo amenewo ndi magetsi okwanira kuyendetsa chigayo ndi kuunikira nyumba zambiri. Kutalika kwa phiri sikusintha, koma madzi amasintha. Mitengo ikatha kumtunda, madzi a mvula salowa pansi. Amathamanga tsiku lomwelo atanyamula mchenga, miyala ndi zinyalala, ndipo ikafika Okutobala mtsinje umakhala utaphwa. Ndinaonapo ndi maso anga anyamata ataima m'madzi ozizira ofika m'chiuno m'bandakucha, akuchotsa mchenga ndi fosholo ndi kuzula nthambi pa zitsulo zosefera madzi kuti makina ayambenso kuzungulira. Mchenga umene wapulumuka pa sefayo umakadya zitsulo za makina pang'onopang'ono ngati tupa.

Dziko lonse linaona zimenezi mu Januwale 2022 pamene namondwe Ana anawononga damu la Kapichira pa mtsinje wa Shire, n'kutichotsera mamegawati pafupifupi 130 kwa nthawi yoposa chaka. Kuno kwathu namondwe Freddy wa mu Malichi 2023 anagumula mapiri, kukokolola milatho ndi kugwetsa mapolo a magetsi, ndipo mabala ake akuonekabe m'mbali mwa phiri. Namondwe sitingamuletse, koma injiniya amene amadziwa kuwerengera madzi ali ndi mawu amene mafumu ndi makomiti a chitukuko a m'midzi angawamve mosiyana ndi mmene amamvera a zankhalango. Mfumu ikauzidwa kuti mitengo ndi yofunika, imagwedeza mutu chifukwa yamva zimenezo kambirimbiri. Ikaonetsedwa pa pepala kuti madzi a m'chilimwe akatsika ndi theka, chigayo cha m'mudzi mwake chizigaya theka la tsiku, nkhaniyo imakhala yake. Pa misonkhano ya khonsolo yokambirana za chitukuko, mpando wa gulu lathu umakhala wopanda munthu, osati chifukwa anatikaniza, koma chifukwa sitinapemphepo kukhalapo. Ndiponso tisaiwale kuti nyumba zambiri kuno zimaphikira nkhuni ndi makala, choncho gulu lodzitcha la zamphamvu silingamaone nkhani ya mbaula zosunga nkhuni ngati yosayenera mainjiniya.

Funso la ndalama lidzabuka, ndipo ndi loyenera. Zimene ndikupemphazi sizifuna thandizo la mabungwe akunja kapena galimoto yatsopano. Ndalama imene timalipira holo ndi chakudya pa phwando limodzi ingagule mawaya, mafyuzi, mamita oyezera moto ndi choko zokwanira maphunziro a Loweruka angapo m'kalasi ya sukulu ya pulayimale, imene mphunzitsi wamkulu aliyense angatibwereke tikapempha mwaulemu. Aphunzitsi ndife tomwe. Ambiri mwa ife tinapuma pa ntchito ndipo nthawi tili nayo. Achinyamata a m'gululi, amene amafunika kuonetsa kuti akupitiriza kuphunzira ndi kutumikira pa ntchito yawo, angapindulenso. Ndikupemphanso kuti lipoti la msungichuma lizitumizidwa kwa mamembala sabata imodzi msonkhano usanachitike, kuti tisamathere m'mawa wonse tikuwerengerana manambala amene aliyense akanawerenga kunyumba.

Kwa a wapampando ndi komiti yatsopano, ndikukupemphani mwaulemu kuti nkhaniyi ikhale yoyamba pa mndandanda wa zokambirana za msonkhano ukubwerawu, ndiponso kuti msonkhanowo uchitikire pa Luchenza, pamene a ku Mulanje ndi a ku Thyolo angafike mosavuta pa minibasi. Ine ndidzabwera ndi mita yanga yoyezera moto, waya wopserera uja wa kwa mlamu wanga, ndi mnyamata amene anamuika, amene wavomera kale kudzabwera ndi anzake atatu ngati adzaloledwa kulowa.

Ine wanu,
Injiniya wopuma pa ntchito,
Mulanje